Seneti Imene Sidakhalepo: Kodi Akadasankha Maseneta Athu Ndani?

Nthawi ndi nthawi timamva pamawailesi ndi pamisonkhano anthu akupempha kuti dziko la Malawi libwezeretse Nyumba ya Seneti. Ena amavomereza mwamsanga, ena amakana ponena kuti ndalama palibe, koma ambiri mwa ife sitidziwa bwino kuti nyumbayi idali yotani, ndiponso kuti okhalamo akadalowamo motani. Achinyamata amadabwa akamva kuti malamulo oyendetsera dziko lino, monga momwe adalembedwera mu 1994, adanena kuti Nyumba ya Malamulo idzakhala ndi zipinda ziwiri. Chipinda choyamba ndi cha aphungu, chimene tonse tikuchidziwa. Chachiwiri ndiye Seneti, imene idafafanizidwa mu 2001 isanakumanepo ngakhale tsiku limodzi.

Mfundo yoyenera kuigwira poyamba ndi iyi: seneta sakadasankhidwa ndi inu ndi ine pamzere woponya voti. Akadasankhidwa ndi anthu ochepa m'malo mwathu, makamaka makhansala ndi mafumu. Choncho ubwino kapena kuipa kwa Seneti kukadatengera ubwino kapena kuipa kwa anthu oisankhawo. Njira imeneyi ili ndi mbiri yake kwathu kuno ndiponso kumaiko ena, ndipo ndi bwino kuti munthu wokhala ku Ching'ambo, ku Zolozolo kapena ku Chiputula aidziwe mbiriyo asananene kuti inde kapena ayi.

Tanthauzo la Seneti

Mawu akuti Seneti adachokera ku Chilatini, ku liwu lakuti senex limene litanthauza munthu wachikulire. Ku Roma wakale Seneti lidali bwalo la akuluakulu olangiza oweruza ndi olamulira a mzinda. Ganizo lake si lachilendo kwa ife, pakuti makolo athu adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. M'maiko amene ali ndi zipinda ziwiri, chipinda cha aphungu chimaimira anthu potsata kuchuluka kwawo, pamene chipinda chachiwiri chimaimira madera kapena magulu, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuunikanso mofatsa zimene aphungu agwirizana, kuti lamulo lisadutse mothamanga chifukwa cha mkwiyo kapena phuma la chipani chimene chili ndi aphungu ambiri.

Zimene malamulo a 1994 adanena

Amalawi atavomereza ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, padalembedwa malamulo atsopano oyendetsera dziko amene adayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994. Ndime 68 ya malamulowo idanena kuti Seneti idzakhala ndi mamembala 80, ogawidwa m'magulu atatu.

Gulu loyamba lidali la seneta mmodzi wochokera m'boma lililonse, monga Mzimba, Rumphi kapena Nsanje, wosankhidwa mwachinsinsi ndi khonsolo ya bomalo pasanathe masiku 30 chichitikireni chisankho cha makhansala. Nthawi imeneyo maboma adalipo 24: asanu kumpoto, asanu ndi anayi pakati, ndi khumi kumwera. Gulu lachiwiri lidali la mfumu imodzi yochokera m'boma lililonse, yosankhidwa ndi mafumu anzake a m'bomalo. Apa maseneta akwana 48. Otsala 32 akadasankhidwa ndi maseneta amene alowa kalewo, pa mavoti a magawo awiri mwa magawo atatu, kuchokera pa maina operekedwa ndi komiti yapadera. Iwowa akadaimira mabungwe a amayi, anthu olumala, a zaumoyo, a zamaphunziro, alimi, a malonda ndi mabungwe a anthu apantchito, kuphatikizapo anthu odziwika chifukwa chotumikira dziko mokhulupirika ndiponso oimira zipembedzo zikuluzikulu.

Seneti idapatsidwa mphamvu yolandira mabilu kuchokera kwa aphungu, kuwaunika, kuwakonza, ndi kuwavomereza kapena kuwabweza. Idalinso ndi gawo pa mlandu wochotsa mtsogoleri wa dziko pampando ngati waphwanya malamulo. Taonani kuti nyumba yonseyi idatsamira pa makhonsolo. Popanda makhansala sipakadakhala maseneta a maboma, ndipo popanda iwowo gulu losankha anthu 32 aja likadakhala lopereŵera.

Masankho otere adachitikapo kale kuno

Kusankha oimira dziko kudzera m'makhonsolo kudayamba nthawi ya atsamunda. M'zaka za 1944 ndi 1945 boma la Nyasaland lidakhazikitsa makhonsolo a zigawo zitatu, m'mene munkakhala mafumu ndi anthu ena ophunzira, ndipo mu 1946 lidakhazikitsa khonsolo ya dziko lonse yotchedwa African Protectorate Council. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, Aafirika awiri oimira Nyasaland kunyumba ya malamulo ya chitaganya ku Salisbury adasankhidwa kudzera m'khonsolo imeneyi. Iwo adali a Wellington Manoah Chirwa, ochokera ku Nkhata Bay, ndi a Clement Kumbikano. Patapita zaka zochepa, chipani cha Nyasaland African Congress chidawauza kuti atule pansi maudindo awo poonetsa kuti anthu akuda sakufuna chitaganya. Iwo adakana, poganiza kuti angathe kulimbana ndi chitaganya ali m'kati momwemo, ndipo mu 1957 chipanicho chidawachotsa. Anthu wamba adalibe njira iliyonse yowaitanira kuti abwerere, popeza sindiwo adawatuma.

Mu 1956 zinthu zidayenda mwina. Boma la atsamunda lidalola kuti Aafirika asanu alowe mu Legislative Council ku Zomba, osankhidwa ndi makhonsolo a zigawo. Atsamunda ankayembekeza kuti mafumu adzasankha anthu ofatsa, osavutitsa boma. Koma chigawo cha kumpoto chidatumiza a Kanyama Chiume, mnyamata wa ku Usisya, ndipo kumwera kudatuluka a Henry Masauko Chipembere. Pamodzi ndi a Kwenje, a Chinyama ndi a Chijozi, iwo adadzaza mipando isanuyo. Mafunso amene a Chiume ndi a Chipembere ankafunsa m'nyumbayo adasowetsa mtendere akuluakulu a boma, ndipo anthu ankalimbirana kuwerenga mabuku a zokambirana za nyumbayo. Chisankho choyamba chimene anthu ochuluka ndithu adaponya okha voti chidachitika mu Ogasiti 1961, ngakhale kuti si onse adaloledwa kuvota.

Zitsanzo ziwirizi zikutiphunzitsa kuti njira yosankha kudzera m'khonsolo payokha siipa ndipo payokha siikoma. Pamene osankhawo amva kulira kwa anthu awo, monga mu 1956, amatumiza munthu woyenera. Koma wosankhidwayo akasiyana maganizo ndi anthu, anthuwo amangopenya.

Phunziro la ku Amereka

Dziko limene lidayesa njirayi kwa nthawi yaitali ndi United States of America, ndipo zimene zidachitika kumeneko zingatithandize kuona kumene Seneti yathu ikadakumana ndi mayesero. Dzikolo ndi mgwirizano wa zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Pamsonkhano wa ku Philadelphia mu 1787, zigawo zazing'ono zidaopa kumezedwa ndi zazikulu. Adagwirizana tsono kuti m'chipinda cha aphungu mipando igawidwe potsata kuchuluka kwa anthu, koma mu Seneti chigawo chilichonse chikhale ndi maseneta awiri, okhala zaka 6, osankhidwa ndi nyumba ya malamulo ya chigawocho. Ankakhulupirira kuti aphungu a m'chigawo adzasankha mwanzeru kuposa khamu la anthu, ndi kuti maseneta adzateteza ufulu wa zigawo zawo.

Vuto loyamba lidaoneka poyera mu 1858 m'chigawo cha Illinois. A Abraham Lincoln ndi a Stephen Douglas adachita mitsutso isanu ndi iwiri pamaso pa anthu miyandamiyanda, polimbirana mpando wa seneta, ndipo nkhani yaikulu idali ya ukapolo. Komatu omverawo sakadavotera aliyense wa awiriwa. Ankavotera aphungu a chigawo. Chipani cha a Lincoln chidapeza mavoti ochulukirapo a anthu, koma chifukwa cha kagawidwe ka madera chipani cha a Douglas chidakhala ndi aphungu ambiri, ndipo mu Januwale 1859 nyumbayo idasankha a Douglas ndi mavoti 54 kwa 46. Kuwonjezera apo, chisankho cha aphungu a chigawo chidasanduka chisankho cha seneta, kotero kuti nkhani za misewu ndi masukulu a m'deralo zinkaiwalika.

Vuto lachiwiri lidali kusagwirizana. Aphungu akagawanika, ankavota kambirimbiri popanda wopambana, mpando ndi kukhala wopanda munthu. Chigawo cha Delaware chidakhala chopanda seneta ndi mmodzi yemwe kuyambira 1901 mpaka 1903. Vuto lachitatu, loipa kopambana, lidali ziphuphu. Nkovuta kugula anthu zikwi mazanamazana, koma nkwapafupi kugula aphungu makumi angapo. Mu 1899 a William Clark, mwini migodi ya mkuwa, adasankhidwa kukhala seneta wa Montana, koma komiti ya Seneti itafufuza idapeza kuti padayenda ndalama pakati pa aphungu, ndipo iwo adatula pansi udindo mu 1900. Mu 1912 Seneti idathetsa kusankhidwa kwa a William Lorimer a ku Illinois pa chifukwa chomwecho.

Anthu atatopa, adapeza njira yolambalala. Ku Oregon ofuna uphungu wa chigawo ankalonjeza kuti adzavotera munthu amene anthu amukonda pa voti yapadera, ngakhale akhale wa chipani china. Mu 1909 nyumba ya malamulo ya Oregon, m'mene chipani cha Republican chidali ndi aphungu ambiri, idasankha a George Chamberlain a chipani cha Democratic chifukwa cha lonjezo limeneli. Zigawo zina zidatengera chitsanzochi, ndipo mu 1913 malamulo a dzikolo adasinthidwa kachikhumi ndi chisanu ndi chiwiri, kuti maseneta azisankhidwa ndi anthu eni ake. Njira yakale idatha patapita zaka zoposa 120.

Izi sizitanthauza kuti maiko onse adaitaya njirayi. Ku India mamembala ambiri a chipinda chachiwiri, chotchedwa Rajya Sabha, amasankhidwa ndi aphungu a zigawo. Ku South Africa, kuyambira 1997, chipinda chachiwiri chili ndi nthumwi 90, khumi kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo zisanu ndi zinayi, ndipo nthumwizi zimatumidwa ndi nyumba za malamulo za zigawozo. Ku Zimbabwe malamulo a 2013 adapereka mipando 18 ya Seneti kwa mafumu. Kumene njirayi yakhazikika, nyumba zosankhazo kawirikawiri sizitsekedwa kwa nthawi yaitali.

Momwe Seneti yathu idathera

Apa ndi pamene nkhani ya Malawi idasiyana ndi ya anzathu. Mu 1995, pamene malamulo oyendetsera dziko ankakhazikitsidwa kotheratu, aphungu adagwirizana kuti Seneti idikire mpaka 1999. Nthawi yomweyo adachotsa ndime 64 imene inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Chisankho cha makhansala chidazengerezedwa zaka zingapo, mpaka chidachitika pa 21 Novembala 2000. Anthu amene adapita kukavota tsikulo sadakwane 15 mwa anthu 100 alionse olembetsa, ndipo chipani cholamula cha UDF chidatenga mipando yochuluka kwambiri.

Makhansala atapezeka, chotsekereza Seneti chidachoka, ndipo masiku 30 aja adayamba kuwerengedwa. Koma kumayambiriro kwa 2001 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo oyendetsera dziko ndi kufafaniza ndime zonse zokhudza Seneti. Chifukwa chimene chidaperekedwa chidali chakuti dziko losauka ngati lathu silingathe kulipira zipinda ziwiri. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu adadandaula kuti aphungu achotsa okha amene akadawaunika. Mu Julaye 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi imene mtsogoleri wa dziko angakhale pampando idalephera ndi mavoti atatu okha, ndipo anthu ambiri adazindikira kuti malamulo aakulu a dziko ali m'manja mwa chipinda chimodzi.

Komabe tisafulumire kunena kuti Seneti ikadatipulumutsa. Maseneta a maboma akadasankhidwa ndi makhansala amene adalowa pa chisankho chimene anthu ochuluka adachinyalanyaza, ndipo ambiri a iwo akadakhala a chipani cholamula. Mafumu nawonso amalandira mswahara kuchokera ku boma, ndipo kukwezedwa kwawo kumadalira mtsogoleri wa dziko. Magulu awiriwa ndiwo akadasankha anthu 32 otsalawo. Tikumbukirenso kuti makhansala a 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, dziko lino lidakhala zaka zisanu ndi zinayi popanda khansala, kufikira chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Seneti ikadakhalapo, mwina ikadakakamiza boma kuchititsa chisankhocho pa nthawi yake. Mwinanso ikadafa pamodzi ndi makhonsolo.

Nanga munthu wa ku Ching'ambo?

Kwa ife okhala mumzinda wa Mzuzu pali funso lina limene silikambidwa kawirikawiri. Mzinda uno uli m'boma la Mzimba, koma khansala amene munthu wa ku Ching'ambo amamusankha amakhala m'khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, pamene khonsolo ya boma la Mzimba ndi ya M'mbelwa. Ndime 68 ija idatchula khonsolo ya boma. Tikaitenga monga momwe idalembedwera, makhansala a m'mizinda ya Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre akadafunika lamulo lina lowapatsa malo pa chisankho cha seneta. Kumbali ya mafumu nakonso khomo ndi lopapatiza, chifukwa lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mafumu ulamuliro m'kati mwa mizinda popanda chilolezo cha khonsolo. Atsogoleri a m'malokeshoni amene amatithandiza pamaliro ndi pamilandu yaing'ono sali m'gulu la mafumu amene akadasankha seneta. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Mzuzu muli anthu oposa 220,000. Anthu onsewa akadakhala pangozi yosowa liwu m'magulu awiri oyamba a Seneti.

Pali funso linanso la chilungamo pakati pa maboma. Kupatsa boma lililonse mipando yofanana kumateteza madera a anthu ochepa, ndipo n'chifukwa chake ambiri kumpoto kuno amaikumbukira Seneti ndi chisoni: Chitipa ikadalankhula ndi mawu olingana ndi a Lilongwe. Koma muyeso womwewo ukadapweteka Mzimba, boma lalikulu la anthu oposa 900,000 osawerengera mzinda wa Mzuzu, limene likadakhala ndi mipando yofanana ndi Likoma, kumene anthu sankakwana 15,000 pa kalembera wa 2018. Maboma tsopano alipo 28, kotero kuti masamu a 1994 sangagwirenso popanda kusintha chiwerengero cha mipando.

Mipando ya zipembedzo

Popeza malamulo aja adasungira malo oimira zipembedzo, akhristu ena amafunsa ngati ambuye episkopi kapena wansembe akadakhala seneta. Malamulo a Mpingo wa Katolika, pa nambala 285, amaletsa ansembe ndi maepiskopi kulandira udindo wa m'boma umene uli ndi gawo pa ulamuliro wa dziko. Mpando wotere ukadayenera mkhristu wamba wodziwa bwino chiphunzitso cha Mpingo pa za umoyo wa anthu. Ndipo mbiri yathu ikuonetsa kuti Mpingo sudasowe mpando kuti ulankhule. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 idawerengedwa m'matchalitchi, osati m'nyumba ya malamulo, ndipo Monsinyolo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko muno chifukwa cha kalatayo. Pamene zipembedzo zilandira mipando ndi malipiro a boma, ziyenera kusamala kuti lilime lawo lisalemere.

Mafunso oyenera kufunsa

Nkhani ya Seneti idabukanso pamene bungwe la Law Commission linkaunika malamulo oyendetsera dziko m'zaka za 2006 ndi 2007, ndipo imabwerera nthawi iliyonse anthu akakhumudwa ndi aphungu awo. Idzabweranso. Ikadzafika m'miphakati, m'mabungwe ndi pamisonkhano ya m'madera mwathu, tisadzangoyankha kuti tikuifuna kapena sitikuifuna. Safunsa adadya phula. Tidzafunse kuti maseneta adzasankhidwa ndi yani. Ngati ndi makhansala, kodi a m'mizinda adzavota nawo? Kodi lamulo lidzateteza bwanji chisankho cha makhansala kuti chisadzaimitsidwenso monga mu 2005? Kodi voti ya anthu makumi awiri kapena atatu idzatetezedwa motani ku ndalama za munthu wolemera? Khonsolo ikagawanika pakati, mpando udzakhala wopanda munthu kwa nthawi yaitali bwanji? Ndipo seneta akasiya kumvera anthu a kwawo, adzamuitanitsa ndani? Pa ndalama, tidzayerekeze mtengo wa Seneti ndi kukula kwa chipinda cha aphungu, chimene chidali ndi mipando 177 mu 1994, 193 kuyambira 1999, ndi 229 pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025.

Pakali pano pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwathu ngakhale Seneti kulibe. Ambiri timalowa m'chipinda chovotera tikudziwa bwino mtsogoleri wa dziko ndi phungu amene tikumufuna, koma tikafika pa pepala la khansala timangochonga chizindikiro cha chipani, dzina la munthuyo osalidziwa. Olemba malamulo a 1994 adaika pa khansalayo udindo wosankha oimira dziko lonse. Ngakhale udindowo udachotsedwa, iye ndiye amakhala pa bwalo lokambirana za ngalande, misika, zinyalala ndi misewu ya ku Ching'ambo. Makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati angathandize kwambiri pokumbutsa akhristu kuti adziwe dzina la khansala wawo, amuitane akamve madandaulo a anthu, ndipo amufunse zimene khonsolo yagwirizana. Anthu amene aphunzira kusankha ndi kulondola khansala wawo ndiwo adzathe kuweruza bwino ngati kuli koyenera kumpatsa khansalayo mphamvu yowasankhira seneta.